Ife tinalera, koma sitinalere tokha

Pali mawu amene amayi amsinkhu wanga timakonda kutulutsa tikamva mtsikana wa masiku ano akudandaula kuti khanda lamutopetsa. Timati, "Aaa, mwana mmodzi yekhayo? Ife tinalera asanu, madzi tikutunga kuchitsime, matewera tikuchapa ndi manja, koma sitinafe." Mawuwa amamveka ku Mvano, amamveka pamaliro amayi akamasadzula ndiwo kuseri kwa nyumba, amamveka ngakhale m'minibasi. Bodza mulibe. Tinaleradi, madzi tinatungadi. Koma tsopano pamene ana anga atatu akula ndi kuchoka pakhomo, ndakhala ndikuzilingalira modekha zaka zija, ndipo ndaona kuti pali ziwiri zimene timasiya tikamanena mawu amenewa. Kutopa kwenikweniko tinakuiwala, ndipo anthu amene ankatigwirira ana aja sitiwatchula.

Wachisamba wanga anabadwa mu 1998, wachiwiri mu 2001, mzime mu 2003. Awiri omalizawa anapondana kwambiri, moti azakhali ena kumudzi sanachite kubisa, anangoti ndatumbiza. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina yapulayimale mu Blantyre, tikukhala ku Chilomoni m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, mpopi uli panja, wogawana ndi mabanja ena apamdadada. Amene anagwirapo choko zaka zimenezo akudziwa mmene makalasi analili. Boma litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo makalasi a ana aang'ono ndi amene anasefukira koposa. M'mawa wonse ndinkakhala ndi ana a eni ake oposa zana, ambiri atakhala pansi, wina akulira pensulo, wina wadzikodzera. Ndikaweruka, anga anali akundidikira pakhomo.

Tsiku linkayamba tambala asanalire kachiwiri. Choyamba kukoleza mbaula, kuteleka madzi osamba, kenako phala. Likuni phala wa m'sitolo sitinkamukwanitsa mwezi ndi mwezi, choncho ndinkakazinga soya ndekha, kusakaniza ndi chimanga, kupita nazo kuchigayo, pophika n'kuthiramo nsinjiro. Matewera anali ansalu aja omanga ndi pini. Ankagona m'ndowa usiku wonse, ndipo umayenera kuwachapa m'mamawa madzi asanasiye kutuluka kumpopi. Ikafika June ndi July, chiperoni chikakuta phiri la Michiru masiku angapo osalekeza, thewera silinkauma. Tinkamanga chingwe m'nyumba kuchokera pazenera kukafika pachitseko, ena n'kumawakupiza pamwamba pa mbaula, nyumba yonse kununkha sopo ndi utsi. Nyengo yamvula lirilonse loyanikidwa panja linkayenera kusitidwa ndi simbi yamakala, mbali zonse, kuopa mphutsi zija zolowa pakhungu la mwana. Ntchito ya thewera lokha inkadya maola amene lero sindingathe kufotokoza kuti ndinkawatenga kuti.

Kusikelo tinkayamba ndi nyimbo, alangizi azaumoyo akutsogolera, kenako mwana n'kumupachika pasikelo atavala kakabudula kansalu kaja, iye akulira ngati wamupha. Mtima unkakhala m'mwamba mpaka mlangizi atadontheza cholembera pakabuku. Kadontho kakakwera, unkabwerera kunyumba wopepuka. Kakaima malo amodzi miyezi iwiri, unkayamba kudzifunsa mafunso usiku. Kumeneko ndi kumene anatiphunzitsa kuyamwitsa mwakathithi, miyezi 6 yathunthu popanda madzi, popanda phala lamadzimadzi. Uphunguwo ndi wabwino ndipo ndimaukhulupirira mpaka lero. Koma ife ogwira ntchito m'boma tchuthi cha uchembere chinali miyezi itatu. Anzathu a m'makampani ndi m'masitolo, lamulo la ntchito la 2000 linawapatsa masabata 8 okha, ndiponso kamodzi pa zaka zitatu. Miyezi yotsalayo bere linkayenera kupeza njira yakeyake yokafikira mwana. Kwa ine njirayo inali mwana wa achemwali anga, amene ankabereka khanda n'kuyenda nalo mpaka kusukulu nthawi ya buleki. Ndinkayamwitsa kuseri kwa kalasi, nditakhala panjerwa, khutu lili kwa belu. Tsiku limene iye wachedwa, mkaka unkadutsa pabulauzi ana a Sitandade 2 akuona, ndipo ndinkangodziphimba ndi chitenje n'kupitiriza kuwerengetsa a e i o u.

Komabe zonsezi ndi ntchito zamanja, ndipo ntchito yamanja imatha, munthu n'kukhala pansi. Chimene sichinkatha ndi kudikirira. Mayi wa ana aang'ono sagona tulo tathunthu ngakhale ana ali bwinobwino. Ndinkadzidzimuka pakati pa usiku popanda chondidzutsa, n'kuyamba kupapasa zipumi ndi kuseri kwa dzanja, woyamba, wachiwiri, wachitatu, kumvetsera mmene akupumira, kuona ngati neti yatseguka. Tinali ndi neti ya Chitetezo, imene unkayenera kuinyika m'mankhwala a M'bwezera Chitetezo pakapita miyezi, ndipo ndinkasunga tsiku loinyika ngati mmene ndinkasungira tsiku la malipiro.

Mantha amenewo sanali ongopeka. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa chaka cha 2000 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi, 189 ankamwalira asanakwanitse zaka 5. Ife nambalayo sitinkaidziwa. Tinkadziwa timabokosi ting'onoting'ono tonyamula munthu mmodzi m'manja, tikutuluka m'nyumba za anthu amene tinali nawo limodzi kusikelo mwezi wathawo. Malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, ndiponso matenda aja amene sitinkawatchula dzina mokweza, pakuti ma ARV aulere anadzayamba mu 2004. Mankhwala a malungo nthawi imeneyo anali Fansidar, ndipo mphamvu yake inali itayamba kuchepa. Mankhwala atsopano a LA anabwera mu 2007, mzime wanga atatsala pang'ono kudutsa msinkhu woopsawo.

Wachiwiri wanga anagwa linjirinjiri usiku wina ali ndi chaka ndi miyezi. Madzulo anali atangofunda pang'ono, ndinamupatsa panado, akusewera. Pakati pa usiku ndinamva bedi likugwedezeka, kuyatsa koloboyi, maso atembenuka, timanja tauma gwa. Ndinali ndi pakati pa mzime. Bambo a ana anathamanga opanda nsapato kukagogoda kwa bambo ena apafupi amene anali ndi kapikapu, ndipo anthu aja anadzuka osafunsa zambiri, osatchula za mafuta. Mayi wa khomo loyandikana anangolowa m'nyumba n'kunyamula wachisamba ali m'tulo, kupita naye kwawo. Kuchipatala anamuika diripi ya kwinini. Ndinagona pansi pa kabedi kake, pachitenje, pamodzi ndi amayi ena ambirimbiri, aliyense maso ali pa botolo la mwana wake. Anachira. Lero ndi bambo wandevu zake. Koma kuyambira usiku umenewo mpaka mzime atalowa sukulu, thupi la mwana likangofunda, langa linkayamba kunjenjemera.

Pamwamba pa izi panagwa njala ya 2002. Boma linalengeza mu February kuti dziko lili pangozi, koma m'makomo tinali titaidziwa kalekale. Chimanga chinakwera mtengo mwakuti malipiro a mphunzitsi ankatha mwezi usanafike pakati. Tinadya nsima ya madeya, abale akumudzi akubwera kudzapempha kenakake, iwe ukuyamwitsa. Ndinkayamba ndagawira ana, kenako bambo awo ndi mwana wa achemwali uja, ine n'kukomba m'poto, ndipo usiku khanda linkafuna bere lake monga mwa nthawi zonse.

Sindikufuna kuti zimveke ngati zaka zija zinali misozi yokhayokha, chifukwa sizinali choncho. Nyumba ija inali ndi moyo umene sinakhalenso nawo. Mwana wa zaka ziwiri ali ngati mkaka uli pamoto, ukangocheuka wasefukira. Wina akukwawa kulunjika kumbaula, wina wakwera pampando kufuna shuga, wamkulu akukoka chitenje ndi mafunso ake: chifukwa chiyani mwezi ukutitsatira, nkhuku imakodza kuti, agogo anali mwana wa ndani. Parafini tinkagula wa m'mabotolo a Fanta, ndipo mayi aliyense pamdadada ankadziwa kuti botolo limenelo malo ake ndi pamwamba pa kabati, pakuti ana omwa parafini kuchipatala sankasowa. Mphamvu za anawo zinkandidabwitsa. Ankadzuka ndi liwiro, kuthamanga tsiku lonse m'fumbi, kuumba ng'ombe zadothi, kuphika masanje m'zitini za Blue Band, ndipo tulo tinkawagwera paliponse, wina nsima ili m'manja. Tsiku limene mzime anaima yekha koyamba, ana onse apamdadada anamuzungulira akuwomba m'manja ndi kuimba dede, iye akuseka ndi mano awiri, mpaka anagwa chamatako. Zoterezi ndimazikumbuka bwino lomwe, mpaka mtundu wa kadiresi kamene anavala.

Apa ndi pamene pagona vuto la ife akuluakulu. Mtima umasunga nkhope, kuseka, kafungo ka mutu wa khanda. Kutopa sikusungika. Ndimadziwa kuti ndinkatopa, chifukwa ndimakumbuka kuti nthawi ina ndinagona chiimire nditatsamira khoma ndikudikira ndowa idzaze, ndipo msana unkawawa mosalekeza mpaka pamene womaliza anasiya kuberekedwa. Koma kumva kwake kwa kutopako kunachoka m'thupi. Ndiye munthu ukafika zaka zanga n'kosavuta kuona ngati unali wachitsulo, ndipo ana a lerowa ndi ofooka.

Tsono ndiwerenge manja amene anagwira ana anga. Apongozi anga ankatsika kuchokera ku Ntcheu mwana aliyense akabadwa, atasenza ufa, nyemba ndi nkhuku. Ankakhala chikuta chonse mpaka mchombo utagwa, n'kupitirira. Ndi iwo ankasambitsa khanda, kundithowa ndi madzi otentha, kuphika, kuchapa. Ndikafuna kudzuka ankati, "Gonani inu, ntchito siithawa. Mukadzuka msanga mudzalira msana muli nkhalamba." Tinkasiyana maganizo pa zina, makamaka pa zoti khanda limwe madzi kukatentha ndi pa mankhwala a liwombo, koma tulo timene ndinagona masabata oyamba aja anandipatsa ndi iwo. Panali mayi wa khomo loyandikana uja, wogulitsa mandasi, amene ana anga ankadya kwawo ngati kwathu, anga ndi ake osasiyanitsa mbale. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pamdadada paja zinali zochitika tsiku ndi tsiku, si zongonena. Panali amayi a Mvano obwera ndi sopo ndi nkhuni. Panali ana okulirapo a m'makomo ena, amene ankalimbirana kubereka khanda.

Bambo a ana ankagwira ntchito ku Limbe, kuchoka m'mamawa, kubwera kutada. Usiku mwana akavuta ankamunyamula paphewa n'kumazungulira naye m'chipinda mpaka atagona, ndipo Loweruka ankatunga madzi odzaza mgolo. Koma thewera ankachapa pokhapokha chitseko chili chotseka, chifukwa mwamuna wooneka pampopi ndi thewera anthu ankati anamudyetsa khuzumule. Kusikelo amuna sankaoneka n'komwe. Ndinasangalala pamene lamulo la ntchito linasinthidwa mu 2021 kuti bambo nayenso azipatsidwa masabata awiri mwana akabadwa, ngakhale masabata awiri ndi ochepa, ndipo ambiri ogwira maganyu ndi ochita geni lamulolo siliwafika.

Ndipo panali mtsikana uja, mwana wa achemwali anga. Iyeyu ndiye ndimamuganizira kwambiri. Anabwera atalemba mayeso a Sitandade 8, osasankhidwa. Tinagwirizana ndi achemwali kuti m'mawa azikhala ndi ana, ine ndikaweruka iye azipita kusukulu yamadzulo, ndipo zinachitikadi mpaka analemba Fomu 4. Koma ndikudziwa kuti homuweki ankalemba mwana ali kumsana, ndipo usiku umene ine sindinagone, iyenso sanagone. Theka la mphamvu zimene anthu ankandiyamikira nazo zinali zake. M'makomo ambiri otizungulira zinali zoipa kuposa apa. Ankakatenga kamtsikana ka zaka 11 kapena 12 kumudzi, n'kulonjeza makolo ake kuti m'tauni kakaphunzira. Kankadzuka koyamba, kugona komaliza, kudya kukhitchini, ndipo sukuluyo sikankaiona. Ana amene kanalera lero ali ndi madigiri, iko kanabwerera kumudzi ndi chikwama cha zovala zakutha, n'kukwatiwa chaka chomwecho. Tikamanyadira kuti tinalera asanu uku tikugwira ntchito, atsikana amenewa ali m'kati mwa nkhaniyo ngakhale sitiwatchula.

Wachisamba wanga tsopano ali ndi mwana wake, akukhala ku Area 49 ku Lilongwe. Zambiri zamuyendera bwino kuposa ine, ndipo ndimathokoza Mulungu. Thewera ndi lotaya. Madzi ali m'nyumba, akamatuluka. Mdzukulu wanga walandira akatemera amene ana anga sanawaone: wa chibayo anayamba mu 2011, wa kutsegula m'mimba mu 2012, ndipo mu 2019 Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana m'maboma ena. Pofika pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, ana omwalira asanafike zaka 5 anatsika kufika pa 63 mwa 1,000. Mantha amene ine ndinkagona nawo, iye ali nawo ochepa.

Koma manja alibe. Nyumba yake ili mumpanda wanjerwa, geti lotseka, ndipo woyandikana naye amangodziwana ndi moni wapagalimoto. Apongozi ake ali pantchito, sakanatha kukhala mwezi wathunthu. Ine ndinapita masabata ochepa n'kubwerera. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja anaonetsa kuti mayi wa ku Malawi, amene mu 2000 ankabereka ana 6 kapena kuposerapo, pofika nthawi imeneyo ankabereka 4 kapena 5, ndipo m'tauni anali ochepera apo. Ndi zabwino pa thanzi la mayi, koma zikutanthauzanso kuti pakhomo palibe gulu lija la achemwali, asuweni ndi ana okulirapo olandizana khanda. Iye ndi mwamuna wake amachoka m'mamawa kuthawa mzere wa magalimoto, kubwera dzuwa litalowa. Ine ndikaweruka ntchito inkatsala kusukulu, kupatula makope ochonga. Iye bwana amamupeza pa WhatsApp ngakhale akuyamwitsa usiku. Ndipo pa foni yomweyo pali anthu zikwizikwi omuuza kuti mwana wa miyezi yakuti ayenera kukhala akuchita zakuti, moti amada nkhawa ndi zinthu zimene ine sindinkazidziwa n'komwe. Akandiimbira n'kunena kuti, "Amayi, ndatopa," ndimamukhulupirira. Ndikakhala ndi mdzukulu wangayo kuyambira m'mawa, pofika masana mawondo ndi msana zimakhala zitandiuza kale kuti ntchito imeneyi ndi yolemera monga inalili kale, ndipo mwanayo ndi mmodzi.

Tchuthi chake chitatsala pang'ono kutha anandipempha kuti ndimupezere kamtsikana kumudzi. Ndinakana. Ndinamuuza kuti, "Mwana wanga, Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwana salera mwana mnzake kuti iwe upite kuntchito. Peza munthu wamkulu, mugwirizane malipiro, azikhala ndi tsiku lopuma." Sanakondwe poyamba, chifukwa munthu wamkulu ndi wodula, ndipo lendi, matewera ndi mafuta agalimoto zinali zitawapanikiza kale. Anakambirana ndi mwamuna wake, anasiya zina, n'kupeza mayi wina wa ku Mtandire amene amabwera m'mawa n'kuweruka madzulo. Mkamwini wanga ndiye amasambitsa mwana usiku ndi kupita naye kusikelo mkazi wake akapanikizika, ndipo amachita zimenezi chitseko chili chotsegula.

Nditapitako ulendo wapitawu ndinacheza ndi mayi wolera uja tikusankha nyemba pakhonde. Ndi munthu waulemu, wodziwa ana, ndipo mdzukulu wanga amamuthamangira akangomva geti. Ndinamufunsa ngati ali ndi ana ake. Anati ali nawo atatu, wamng'ono wa zaka ziwiri. Ndinafunsa kuti nanga akakhala kuno, wamng'onoyo amakhala ndi yani. Anati, "Amakhala ndi mkulu wake, mayi. Ali Sitandade 5. Masiku ena amapita kusukulu, masiku ena ayi."

Usiku womwewo tinakhala pansi atatu, ine, mwana wanga ndi mkamwini. Tinafufuza mtengo wa sukulu yamkombaphala ya kufupi ndi kwawo kwa mayiyo, yolandira ana a zaka ziwiri. Tinagwirizana kuti iwo azilipira theka, ine theka lina kuchokera pa penshoni yanga, ndipo mayiyo aziweruka 4 koloko m'malo mwa 6, mkamwini akapempha kuntchito kuti azituluka msanga masiku ena. Kuntchitoko sanamuyankhebe, moti pakadali pano mwana wanga ndi amene akuthamanga kuchoka ku ofesi masiku amene angathe, ndipo masiku ena mayi uja akuwerukabe kutada.